Mikavaki ya Zekiye

Lolemba, 25 Malichi

Chipale chasungunuka pabwalo, kwangotsala matope ndi phulusa la malasha lomwe takhala tikutaya nyengo yonse yozizira. Lero Dona watuluka panja koyamba chilowereni m'nyumba mu Disembala, atavala majuzi awiri ndi nsapato zoyera. Zoyera, m'matope a kuno. Wazungulira bwalo lonse foni ili m'manja, kujambula khoma, kujambula khola, mpaka chimbudzi chakale chija wachijambula. Ndinadziwiratu kuti pali nkhani ikubwera.

Ndikalemba kuti Dona ndikunena Birsen, mkazi wa mlongo wanga Cevdet, kuti tsiku lina akadzatola kopeli asadzizindikire. Ngakhale angalephere bwanji, m'nyumba muno dona ndi mmodzi.

Nkhaniyo yatuluka tikudya. Akuti akufuna kukonza bwalo. Wawerenga pafoni kuti bwalo labwino limakhala ndi mitengo ya mitundu itatu, yokongoletsa, yazipatso ndi yamthunzi, ngati kuti ife zaka zonsezi timabzala ya mtundu wachinayi. Mndandanda wake ndi uwu: mandimu, malalanje awiri, maluwa ofiira oyanga khoma ngati a kwawo ku Mersin, ndi kanjedza pageti. Kanjedza, kuno kumene mu Januwale madzi amauma gwaa m'ketulo ukaiwala kusonkhezera moto.

Cevdet amangogwedeza mutu. Mwana wobadwira m'nyumba ino, amene khutu lake linatsala pang'ono kuthothoka ndi chisanu ali kalasi yachitatu, ine n'kumalipaka mafuta sabata yathunthu. Zaka zisanu ndi chimodzi za kugombe la nyanja kotentha zamuiwalitsa zonse.

Kenako Dona anafika pomwe amapita. Akuti mitengo yakeyo ifuna dzuwa, ndipo dzuwa likutchingidwa ndi mikavaki, mitengo yanga yaitali ija. Ananena akuyang'ana m'mbale. Bambo anaika supuni pansi n'kunena kuti, "Ine ndikadali moyo, mitengo ya Zekiye asaikhudze munthu." Nkhani inathera pomwepo. Ndinawawonjezera supu osawafunsa ngati akufuna.

Lachiwiri, 26 Malichi

Ndakhala ndikuiyang'ana pawindo uku ndikukanda buledi. Isanu ndi iwiri, mzere umodzi m'mbali mwa khoma la kummwera, yowongoka, makungwa otuwa. Bambo anaibzala sabata yomwe ndinabadwa, monga achitira aliyense akalandira mwana, kuti pa ukwati wake idulidwe ikhale mitanda ya denga lake. Ya Cevdet inadulidwa zaka zitatu zapitazo ng'oma zikulira, zitsa zake ndi zomwe timakhalira kukatentha. Yanga ili ndi zaka 39. Inapitirira kalekale nsanja ya mzikiti.

Zomwe anthu amanena ndimazidziwa, sindine gonthi. Mu minibasi munthu akafuna kutsika pamphambano yathu amangoti, "Pa mitengo ya Zekiye," ngakhale ine mwini wake ndili momwemo. Ana a dzana amayesa ndi dzina la siteji chabe.

Palibe anabwerapo kudzandifunsira, chimenecho ndinachivomera kale. Amayi akumwalira ndinali ndi zaka 21, Cevdet 9, ndipo mmene ndinkadzutsa mutu pa mapoto anzanga onse anali ataperekeza kale ana kusukulu. Sindidandaula. Koma kuidula popanda ukwati ndiko kulengeza kumudzi wonse kuti a kwa Rasim, bambo anga, ataya mtima ndi mwana wawo. Ikadali chiimire ndine mwana wa nyumba ino, wokhala ndi mbali yake pabwalo. Ikangogwa ndasanduka azakhali a m'chipinda chakumbuyo, odikira kulera ana a Dona. Zimenezi pafoni pake sangazipeze.

Lachitatu, 27 Malichi

Ndapeza pepala patebulo. Wajambula bwalo lonse, mitengo yake timizere tozungulira, aliyense ndi dzina lake. Pamalo pa mikavaki yanga pali katungwe. Ndayatsira moto.

Lachinayi, 28 Malichi

Ku tauni ya Erzincan kogula mbande. Bambo analamula kuti ndimuperekeze Dona, asakamupusitse.

Takwera minibasi ya Hikmet wa mudzi wa kumunsi. Munthu wodzikuza ngati ameneyu sindinamuonepo. Amapatsa moni aliyense, ngakhale nkhuku zomwe anthu anyamula, koma ine zaka zonsezi amangotambasula dzanja nkhope ili kumsewu. Mwina mimba imamulemera potembenuka.

Wogulitsa mbande atangoona nsapato za Dona anadziwa kuti Mulungu wamukumbukira lero. Anatitengera kumbuyo komwe kuli mitengo yotsika dzulo palole yochokera kugombe, masamba biriwiri, ina ili kale ndi maluwa. Dona kumangoisisita. Ndinamufunsa bamboyo ngati mitengoyi inagonapo panja kuno ngakhale kamodzi. Akuti imazolowera. Ndati eya, kumanda nako anthu amazolowera.

Ndinamukoka mkono Dona kupita komwe kuli timitengo topanda tsamba, tooneka ngati ndodo zouma. Apa ndiye pogula. Mtengo wa kuno uyenera kukhala waulesi, wodzuka mochedwa. Apurikoti ndi wopupuluma, kukangofunda masiku atatu watulutsa maluwa, chisanu cha Epulo n'kumupsereza onse. Ngati ukumufunabe umubzale kumpoto kwa nyumba kuti dzuwa lisamunamize. Mabulosi ndiye munthu wamkulu, saphuka mpaka atatsimikiza. Ndinasankha mitengo iwiri ya maapozi, umodzi wa matcheri owawasa, umodzi wa mabulosi woti udzapereke mthunzi, ndi lilaki wa maluwa onunkhira woti akhale pafupi ndi chimbudzi, komwe ntchito yake imaoneka. Wogulitsa uja nkhope inagwa. Akuti achemwali, inu mukadakhala makasitomala onse bwenzi ana anga akugona ndi njala. Ndati akugona ndi njala ndi amene mwawagulitsa malalanje.

Dona anafunsa kuti nanga yokongoletsa ili kuti. Ndati adikire Meyi maapozi achite maluwa. Anagulabe mtengo wake wa mandimu wa m'chitini, masamba onyezimira ndi tizipatso tiwiri tolendewera, n'kuufungata pamiyendo njira yonse. Pobwerera mayi wina kumbuyo anakuwa kuti atsika pa mitengo ya Zekiye. Dona anazolika, kuchita manyazi m'malo mwanga. Anamupempha ndani.

Lachisanu, 29 Malichi

Mphepo tsiku lonse. Mbande zikadali m'chidebe cha madzi, Dona akuti sizingabzalidwe mumthunzi. Ine ndi iye sitikulankhulana, tikungopatsirana mchere.

Cevdet atachokera kumzikiti ananditsatira kukhola. Achemwali, bwanji tingodulako inayi, itatu itsale, aliyense akondwe. Ndamufunsa ngati pa ukwati wake anadulako inayi. Wachoka akukanda khutu lomwe lija.

Loweruka, 30 Malichi

Nthambi ya mkavaki wachitatu yathyoka m'mawa n'kuboola denga la kanyumba ka malasha. Yaikulu ngati ntchafu ya munthu, mkati mwake mwakuda. Dona sananene kanthu, koma kusanena kwakeko kunamveka mpaka kwa aneba.

Cevdet akuti aitane a Dursun ocheka matabwa adzaione mitengo yonse, osati kudula, kungoona. Bambo analusa mwa mtundu womwe sindinauonepo. Akuti wina aliyense koma Dursun ayi, Dursun ndi wabodza, wolongolola, pakamwa pake sipatsekeka, asapondenso pabwalo pano. Ine sindikumbuka kuti anapondapo liti. Ndi zoona kuti ya Cevdet bambo anakaitanira anthu ochokera kutauni, a Dursun ali pompano pamphuno, koma ndinkayesa ndi kufuna kudzionetsa pamaso pa a ku Mersin.

Cevdet waimbabe foni atabisala kukhola. Tsiku loyamba kulimba mtima pamaso pa bambo, n'kulimbira mtima mitengo yanga.

Lamulungu, 31 Malichi

Chisanu. M'mawa madzi a nkhuku anali mwala. Dona dzulo anatulutsa mtengo wake wa mandimu pakhonde kuti upitidwe mphepo, n'kuuiwala. Ndinauona potseka chitseko, sindinanene. Ndikulemba kuti ndinauona. Lero masamba ndi akuda, akulendewera ngati nsanza, tizipatso tija tafewa.

Ndinali nditakonza mawu okwana sabata yonse. Koma ndinamupeza atakhala pa chitsa cha mwamuna wake akulira mwakachetechete, mphuno ili psuu, ndipo anayamba ndi iyeyo. "Alamu, ine mitengo yanu sindidana nayo. Miyezi inayi sindinaone dzuwa m'nyumba muja. Kwathu amayi amayanika tsabola padenga mpaka Novembala. Ndikungofuna dzuwa basi." Ndinamuuza kuti akadakwatiwa ku Adana kotentha. Mawu enawo ndinawameza. Kulira kwake kumandikwiyitsa kuposa kulankhula kwake, chifukwa kumandisowetsa poyambira.

Lolemba, 1 Epulo

A Dursun abwera itangokwana 10. Bambo adzitsekera m'chipinda, akuti msana.

Nkhalambayo yazungulira mtengo uliwonse, kugogoda ndi kumbuyo kwa nkhwangwa, khutu lili pakhungwa. Akuti wachitatu ndi wachisanu ndi mphako zokhazokha, ingagwere munthu tsiku lililonse. Inayo ikadali yolimba koma yapitirira. Mkavaki ukakhalitsa umayamba kudzidya wokha mkati. Ndinawauza kuti sitinawaitanire ulaliki. Anaseka, ndinawapatsa tiyi, ndipo atangokhala pachitsa pakamwa paja panatseguka.

"Mitengo iyi ine ndimaidziwa, mwana wanga. Chaka chija ndiye inali pa msinkhu wake weniweni. Ndinachita kuiyeza ndi chingwe iwe uli kumsika, macheka ndinanola, anthu ondithandiza ndinapeza. Ndiye Lachinayi madzulo bambo ako n'kutumiza mawu kuti basi, zalephereka, mwana wakana."

Ndinafunsa kuti chaka chiti. Akuti chaka chomwe madzi anakokolola mlatho wa kumunsi. Ndinali ndi zaka 23. Ndinafunsa kuti mwanayo anakana ndani.

Anandiyang'ana tambula ili m'malere. "Si Hikmet, mwana wa malemu Sabri? Amalume ake anabwera kawiri konse. Bambo ako ankakumana nawo ku tiyirumu, amati kunyumba kulibe mayi wolandira alendo. Poyamba anavomera bwinobwino. Iwe ukufunsa ngati unali kunja kwa dziko."

Ndinatola matambula n'kulowa. Ndatsuka tambula imodzi nthawi yaitali, mpaka Dona anachita kubwera kudzatseka mpopi.

Lachiwiri, 2 Epulo

Ndapita kwa aneba athu a Nazife ngati kokabwereka sefa. Ndinangoti Hikmet, iwo n'kumaliza okha. Akuti mudzi wonse umadziwa kuti ndinamukana chifukwa nthawi imeneyo anali kondakitala chabe pa minibasi ya eni ake, ndipo ndinati sindingakwatiwe ndi munthu wonunkha dizilo. Mawu anga amenewo, akuti. Akazi anandinena chaka chathunthu kuti ndine wodzimva, ndipo mabanja ena awiri amene ankaganiza zotumiza anthu anabwerera panjira. Onse ankayesa kuti sindifuna kuikamba nkhaniyo, ndiye palibe anaikamba pamaso panga. Mudzi uno, umene sungasunge chinsinsi cha nkhuku yobedwa mpaka madzulo, wasunga changa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi osandiuza mwini wake. A Nazife anandithamangira mpaka pageti ndi sefa ija, ndinali nditaiiwala.

Ine n'kumamunena Hikmet za mimba. Munthu anauzidwa kuti ndinati amanunkha, ndiye azindipatsa moni wanji. Pano ali ndi mkazi ndi ana atatu, wamkulu ali kusekondale.

Sindikudziwa ngati ndikadamulola. Nthawi imeneyo anali woonda, woseka ndi mano onse, ndipo kamodzi anandinyamulira thumba la ufa kuchokera pamphambano mpaka pakhomo osanena mawu ndi amodzi omwe. Mwina ndikadamukana ndithu. Koma ndikadamukana ine.

Bambo ndawapatsa chakudya, mankhwala a mtima, madzi ofunda a mapazi. Sindinawafunse. Manja amangogwira okha.

Lachitatu, 3 Epulo

Ndinadikira Cevdet apite kuntchito, Dona ndinamutuma kugolosale kukagula zinthu zomwe tili nazo kale. Bambo anali pafupi ndi moto ndi mikanda yawo yopempherera.

Ndinati a Dursun andiuza za chaka cha mlatho. Anati Dursun ndi wabodza. Ndinati a Nazife nawonso andiuza. Anasuntha mikanda kwa nthawi ndithu, kenako analankhula osadzutsa maso.

"Cevdet anali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ine sindinkadziwa ngakhale pomwe pamakhala mchere. Ndinavomera, inde, koma nditaganiza ndinaona kuti nyumba igwa. Ndinati chaka chimodzi chokha, adzabweranso ena."

Ndinafunsa za dizilo. Akuti anayenera kunena chinthu choti anthuwo asabwerenso kachitatu.

Ndinaima pomwepo kudikira. Ndinkayesa alira, kapena anena kuti pepa mwana wanga. Anatsokomola, anakonza bulangeti pamaondo, n'kuti, "Koma wasowa chiyani m'nyumba muno? Mitengo yako ndakusungira, palibe anathyolapo ngakhale nthambi."

Ndinakwiya mpaka makutu kulira. Sindinakwiyepo chotere chibadwire, ndipo ndine munthu wodziwa kukwiya. Chomwe chikundipweteka kwambiri ndi momwe ndinkanyadira akamenya tebulo chifukwa cha mitengo imeneyi. Ndinkayesa akuteteza ine, chonsecho akuopa kuti wocheka akabwera abwera ndi pakamwa pake.

Ndinavala chikhoti n'kupita wapansi kwa a Dursun. Akuti adzadula mawa m'mawa, madzi asanakwere m'mitengo. Anafunsa ngati bambo akudziwa. Ndati mitengo ndi ya Zekiye, funsani aliyense mu minibasi.

Lachinayi, 4 Epulo

Afika 8 koloko ndi mkamwini wawo, makina ochekera ndi zingwe. Cevdet sanapite kuntchito. Kumangondizungulira, achemwali mwatsimikiza, achemwali tingodula iwiri yowolayo, achemwali chachitika n'chiyani. Ndamuuza kuti agwire chingwe, akafunse bambo ake pambuyo. Dona anabwera pomwe ndinaima. "Alamu, musachite chifukwa cha ine." Ndati asadzikweze, si chifukwa cha iye.

Makina atangolira, mitu inayamba kusuzumira pakhoma. Amayi ena okalamba a kuseri kwa mzikiti, osamva bwino, anafika akupuma wefuwefu kufunsa kuti mwamuna ndi wa kwa yani, n'kuyamba nthungululu. A Nazife anawatseka pakamwa ndi mpango. Minibasi ya 9 koloko inaima pamphambano nthawi yaitali popanda wotsika.

Bambo anatuluka ndi masilipasi, opanda chipewa, n'kuima pakhomo atagwira mphuthu. Ananditchula dzina kawiri, chapansipansi. "Zekiye, mwana wanga, anthu anena chiyani?" Ndati anene zomwe akufuna, ulendo uno anena zomwe aona ndi maso awo.

Woyamba unagwa motsatira khoma, nthaka inagwedezeka, nkhuku zinabalalika. A Dursun anagwada pa chitsa, anapukuta utuchi ndi dzanja. Mkati moyera, molimba mpaka pakati. Anafunsa kuti adule motani, nkhuni kapena mitanda.

Ndati mitanda.

Akuti ya nyumba ya ndani.

Ndinapita kungodya ya bwalo, kuseri kwa chitsime, n'kuyeza ndi mapazi onse akuonerera. Asanu ndi limodzi mulitali, asanu mulifupi. Ndinakhoma zikhomo zinayi, ndinajambula ndi chidendene pomwe padzakhale khomo, loyang'ana kumsewu. A Dursun anatembenukira kwa bambo, kudikira kuti anenepo kanthu. Ndinawauza kuti ayang'ane kuno, mtengo wachiwiri ukudikira.